Akupatsani uinchaji pa chipatala chaching'ono: muyambire pati?

Kalata yochokera kwa a DHSS (mkulu wa zaumoyo m'boma lanu) ikangofika kuti kuyambira mwezi wamawa inuyo ndinu inchaji, anzanu amakuyamikirani, koma palibe amakuuzani kuti Lolemba loyamba mudzachite chiyani. Mwina ndinu medical assistant, mwina clinical officer, mwinanso namwino amene watsala chifukwa okhalitsa onse apita kusukulu. Ku koleji anakuphunzitsani kuyeza wodwala, kulemba mankhwala ndi kuchiritsa amayi. Za kuyendetsa anthu akuluakulu, ena oti ndi msinkhu wa makolo anu, anangokhudzako pang'ono.

Tiyambe ndi kuvomereza zimene simungasinthe. Bungwe la WHO limati dziko lifunika madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 4.45 pa anthu 1,000 alionse, ndipo Malawi sanafike ngakhale pa theka la chiwerengerochi. Kulemba anthu ntchito ndi nkhani ya kukhonsolo ndi kuunduna. Malipiro si anu, mafuta a ambulansi si anu. Chimene chili m'manja mwanu n'chakuti anthu ochepa amene muli nawowo akhale pati, nthawi yanji, akuchita chiyani. Odwala ambiri amene amavutika pa chipatala chaching'ono savutika chifukwa kulibiretu wogwira ntchito, koma chifukwa pa ola limene anafika wogwira ntchitoyo anali kwina.

Sabata yoyamba: werengani anthu amene alipodi

Musakhulupirire mndandanda umene uli mufailo. Tengani pepala, mulembe dzina la aliyense amene mwamuona ndi maso anu akugwira ntchito: anamwino, azamba, alangizi a zaumoyo, wa kufamase, wolemba makadi, okonza m'mawodi, mlonda. Kenako muyerekeze ndi mndandanda wa kuboma. Mupeza wina ali kusukulu chaka chachiwiri, wina ali patchuthi cha uchembere, wina anasamutsidwa kalekale koma dzina lake likadali pamenepo. Kuboma akamati muli ndi anamwino asanu pomwe pansi alipo awiri, pempho lanu loti akuonjezereni munthu silingamveke.

Pa dzina lililonse mulembenso amene amamulipira. Izi kale anthu sankazilabadira, mpaka mu January 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, zipatala zina zinadzidzimuka kuona kuti oyeza magazi a HIV ndi olemba ziwerengero ambiri anali a mapulojekiti. Ngati ntchito inayake pa chipatala chanu yatsamira pa munthu mmodzi wolipidwa ndi bungwe, sankhani wa boma mmodzi ayambe kuiphunzira pano, osadikira tsiku limene kontirakiti idzathe.

Funsaninso ziphaso. Ma clinical officer ndi ma medical assistant amalembetsa ku Medical Council of Malawi, anamwino ndi azamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi, a zamankhwala ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA). Chiphaso chimafunika kuchikonzanso nthawi yake ikakwana, ndipo chikatha ntchito wina n'kulakwitsa pa wodwala, funso loyamba lidzabwera kwa inu. Mungoona, mulembe tsiku lothera, basi.

Dziwani nthawi imene odwala amabwera

Kwa sabata imodzi kapena ziwiri, wolemba makadi aziika kachizindikiro pa ola lililonse limene wodwala wafika. Muonenso m'maregista a chaka chatha mwezi ndi mwezi. Zambiri mukuzidziwa kale: Lolemba kumadzaza, tsiku la msika kumadzaza, dzinja likafika malungo ndi kutsekula m'mimba zimachuluka. Koma chipatala chilichonse chili ndi zakezake. Kwina anthu amafika mbandakucha chifukwa amachokera kutsidya kwa mtsinje, kwina sikelo ya ana ndi kiliniki ya ma ARV zinaikidwa tsiku limodzi zaka zapitazo ndipo palibe akukumbukira chifukwa chake. Mukapeza zoterezi, kungosuntha kiliniki imodzi kuipititsa Lachitatu kumachepetsa mzere popanda kuononga tambala.

Rosta

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Madandaulo ambiri a ogwira ntchito, mukawafufuza bwino, amathera pa rosta: uje sagona kuchipatala Loweruka, uje amapita kumaphunziro yekhayekha, ine Khirisimasi zitatu ndili pantchito. Munthu wodandaula mumtima sakalipira inchaji, amakalipira mayi amene wabwera ndi mwana usiku.

Muzilemba rosta ya mwezi wotsatira sabata imodzi mwezi usanathe, ndipo muziilemba pamodzi ndi mkulu wa anamwino, osati nokha kunyumba. Musanayambe, ikani pepala pakhoma kuti amene ali ndi ukwati, mayeso kapena chinkhoswe alembe masiku amene akupempha. Amene sanalembe asadzabwere mawa ndi nkhani. Ikatha, muipachike poonekera, muijambulenso pafoni n'kuiponya pagulu la WhatsApp la ogwira ntchito.

Polemba, yambani ndi malo amene munthu angafere: kochilira ndi usiku. Mudzaze amenewo kaye, zotsalazo mugawe pambuyo. Ngati n'kotheka, mzamba wongotuluka kumene kusukulu asagone yekha kochilira miyezi yoyamba. Ngati anthu sakukwana, pa rosta palembedwe dzina ndi nambala ya amene angamudzutse, wokhala pafupi, amene wavomera kudzutsidwa. Amene wagona kuntchito asapitirire ndi ntchito ya masana. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola 48 pa sabata, ndipo tonse tikudziwa kuti m'zipatala zambiri anthu amapyola pamenepo, komabe muziwerenga maola a aliyense kuti kupyolako kusagwere munthu mmodzi. Namwino amene wagwira usiku ndi usana motsatizana ndi amene amasokoneza mlingo wa mankhwala a mwana.

Inuyo mudziikenso pa rosta ya usiku ndi ya Loweruka. Inchaji amene wadzichotsa pa ma call sangadzudzule aliyense.

Kusinthana masiku musakuletse, anthu ali ndi mabanja. Koma kuzilembedwa. Ikani kope limene onse awiri azisayina, inu n'kuvomereza. Mukalola zongouzana pakamwa, tsiku lina onse awiri adzakhala kulibe, aliyense akuti ankayesa mnzake alipo.

Pali zinthu zitatu zimene zimabowola rosta yolembedwa bwino, ndipo zonse mungaziyembekezere.

China ndi maphunziro. Mabungwe amaitana anthu kumawekishopu, kumene kuli alawansi, ndipo alawansi ya masiku asanu imatha kusintha mwezi wa munthu. Kunamizira kuti ndalamayo ilibe kanthu n'kudzinyenga. Tsegulani kope la maphunziro: dzina, mutu wa maphunziro, tsiku, masiku angati. Kalata ikabwera, muone m'kopemo amene sanapiteko mwa anthu amene ntchitoyo ikuwakhudza. Kopelo likhale loti aliyense angalitsegule. Ndipo musalole anthu awiri a gawo limodzi kuchoka sabata imodzi. Wokonza maphunziro akaumirira, muimbireni foni mkulu wa anamwino wa boma lanu amve kuti kochilira kutsala opanda munthu. Wobwerako afotokozere anzake zimene waphunzira, ngakhale mphindi 20 pa lipoti la m'mawa.

China ndi kutha kwa mwezi. Kumadera kumene banki ili kutali, malipiro akangolowa aliyense amafuna kukwera kupita kuboma tsiku lomwelo. Gawani masikuwo pa rosta penipeni, awa Lachiwiri, awa Lachinayi. Maliro nawo saona rosta. Gwirizanani pamsonkhano kuti zovuta zikagwa kwa mnzanu kapena pamudzi wapafupi, ndani akaimire chipatala ndipo ndani atsale. Mukapanda kukambirana zisanachitike, mudzaoneka ngati wouma mtima pa tsiku la maliro.

Chachitatu ndi locum, kugwira masiku oonjezera olipidwa padera. Ndalama zake zimachedwa, nthawi zina miyezi, ndipo anthu akatopa kudikira amayamba kukana kugwira masiku oonjezera. Simungafulumizitse khonsolo, koma mungaonetsetse kuti kuchedwako kusachokere kwa inu. Mafomu azidzazidwa tsiku lomwe munthu wagwira, azigwirizana ndi rosta ndi kope losayina pofika, azipita kuboma sabata yoyamba ya mwezi, inu n'kusunga kope lake. Musalembe locum imene sinagwiridwe pofuna kusangalatsa munthu. Owerengera ndalama akadzabwera, siginecha imene adzaione ndi yanu.

Za tchuthi cha pachaka, konzani mu January ndondomeko ya chaka chonse. Mukazisiya, onse adzafuna December, pomwe malungo ayamba kukwera.

Kupatsirana odwala

Wotuluka asachoke wolowa asanafike, ndipo apatsirane pabedi pa wodwala, osati pakhomo la wodi chikwama chili paphewa. Pa wodwala aliyense anene zinthu zinayi: wabwera ndi chiyani, walandira chiyani nthawi yanji, chikudetsa nkhawa n'chiyani, chotsatira chichitike nthawi yanji. Mayi amene ali pamatenda a uchembere apatsiranidwe ndi partograph (fomu yolembapo momwe matendawo akuyendera) m'manja. Awerengenso limodzi zimene zili pathireyi ya ngozi ndi mankhwala otsekeredwa.

Lipoti la m'mawa likhale lalifupi, mphindi 15 kapena 20, liziyamba nthawi yake ngakhale mutakhala atatu. Likayamba kutalika mpaka 9 koloko odwala ali pabenchi kuyambira 6, lasanduka vuto lina. Nkhani za malipiro ndi za nyumba zidikire msonkhano wa pamwezi.

Mzere usamayende mwa woyamba kufika yekha

Ichi ndi chinthu chimene dziko lathu linaphunzitsa maiko ena. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, gulu la Professor Elizabeth Molyneux linakonzanso malo olandirira ana odwala cha m'ma 2001, kuti mwana aliyense aziunikidwa akangofika ndipo wodwalitsitsa azithandizidwa pompo. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse kufika pakati pa 6 ndi 8. Njira imeneyi ndi ija timaitcha ETAT, ndipo gawo lake loyamba silifuna makina alionse.

Pa chipatala chanu, munthu woyamba kuona mwana wodwala kawirikawiri si inu. Ndi mlonda, wosesa kapena mlangizi wa zaumoyo woyeza sikelo. Aphunzitseni onsewa zizindikiro zoti akaona asafunse chilolezo, angomunyamula kubwera naye: mwana amene akukomoka, amene sakudzuka, amene akubanika, amene wafooka maso atalowa chifukwa chotsekula m'mimba, amene manja ake azizira. Khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, woyera m'manja, wopsa ndi moto kapena womwa poizoni asadikire kumapeto kwa mzere. Kwa akuluakulu onjezani mayi woyembekezera amene akutaya magazi kapena mutu ukumuwawa kwambiri. Munthu mmodzi aziyenda mumzere ola lililonse, poti mwana amene anali bwino 7 koloko atha kukhala atasintha pofika 10.

Anthu a pamzere adzang'ung'udza akaona wina walowa asanafike nthawi yake. Afotokozereni m'mawa uliwonse pa nthawi ya uphungu wa zaumoyo, ndipo a komiti ya chipatala akanenenso kumidzi. Chimene chimapha njirayi ndi pamene olowa mwachangu ayamba kukhala achibale a ogwira ntchito. Zikatero anthu sakhulupiriranso, ndipo akulondola.

Mankhwala

Mankhwala akafika kuchokera ku Central Medical Stores Trust kapena kwina kulikonse, awerengedwe pamaso pa membala wa komiti ya chipatala, asayine nawo. Mtundu uliwonse ukhale ndi stock card yake, yolembedwa nthawi yomwe mankhwala akutuluka, osati Lachisanu mongokumbukira. Kutha kwa mwezi muwerenge ndi manja zimene zili pashelefu, muyerekeze ndi khadi, ndiponso muyerekeze LA (mankhwala a malungo) amene watuluka ndi chiwerengero cha amene anapezeka ndi malungo muregista. Manambala awiriwa akatalikirana kwambiri, pali nkhani. Oyandikira kutha mphamvu azikhala kutsogolo kuti atuluke msanga, ndipo ngati achuluka uzani wa zamankhwala wa kuboma awapititse kumene akusowa.

Tsiku lililonse wina aone zinthu zochepa zimene zikasowa usiku munthu amafa: oxytocin, amene ayenera kusungidwa mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8, magnesium sulphate, artesunate wobaya, madiripu, ambu bag yothandizira khanda kupuma. Makiyi a kosungira mankhwala asapite kumudzi m'thumba la munthu amene ali pa off. Izi zimaoneka zoseketsa mpaka tsiku limene zachitika.

Sankhani vuto limodzi

Pakhoma pa zipatala zambiri pali mapepala a 5S ndi KAIZEN, njira zokonzera malo ndi kagwiridwe ka ntchito, amene unduna unabweretsa mothandizidwa ndi JICA, ndipo mwina muli ndi ma WIT, magulu okonza kagwiridwe ka ntchito, olembedwa maina. M'malo ambiri magulu amenewa amadzuka kukamveka kuti kukubwera alendo. Maganizo anga ndi akuti kagulu kamodzi kogwira vuto limodzi kwa miyezi itatu n'kopindulitsa kuposa makomiti asanu ndi limodzi a papepala.

Tiyerekeze mwasankha partograph. Tengani mafailo 10 a amayi amene achira mwezi watha, muone kuti ndi angati amene kugunda kwa mtima wa mwana kunalembedwa mphindi 30 zilizonse, ndi angati amene njira inayezedwa maola anayi alionse. Lembani nambalayo. Kenako funsani azamba chimene chikulepheretsa, ndipo mumvetsere ndithu. Yankho limatha kukhala lakuti wotchi ya pakhoma inafa, mafomu anatha, tochi ilibe mabatire, kapena mzamba mmodzi akuyang'anira amayi anayi ndi wodi ya ochira kale. Konzani chimene mungathe, mwezi wotsatira mutengenso mafailo 10. Mujambule manambalawo papepala lalikulu kuti aliyense aziona akukwera kapena kutsika. Chenjerani ndi partograph yodzazidwa bwinobwino ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, mayi atachira kale. Imeneyo yalembedwera inu, osati mayiyo.

Dzinja likayandikira, vuto losankha likhale madzi ndi kusamba m'manja. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Aliyense, kuphatikizapo okonza m'mawodi, adziwe kusungunula kolorini: 0.05% ya m'manja, 0.2% ya pansi, 2% ya chimbudzi ndi masanzi a wodwala kolera, ndipo kasungunulidwe kake kalembedwe m'Chichewa pafupi ndi ndowa.

Imfa ikachitika

Mayi akamwalira pa nkhani ya uchembere, kuboma adziwe pasanathe maola 24. Sungani failo momwe ilili, wina asaonjezeremo kanthu. Pokambirana za imfayo, funso likhale lakuti kuchedwa kunachitikira pati: kunyumba posankha kubwera, panjira, kapena pachipatala pano. Mukasandutsa msonkhanowo bwalo la milandu, imfa yotsatira mudzapeza failo yokonzedwa ndipo simudzaphunzirapo kanthu. Muzituluka ndi zochita ziwiri kapena zitatu, chilichonse chili ndi mwini wake ndi tsiku lake, ndipo msonkhano wotsatira uziyamba ndi kufunsa ngati zinachitika. Mzamba amene mayi kapena khanda lafera m'manja mwake mukhale naye pansi panokha. Nayenso wavulala, ngakhale sanena.

Madandaulo ndi mwambo

Dzina ndi nambala ya ombudsman wa chipatala, wolandira madandaulo a odwala, zikhale poonekera, m'Chichewa kapena chilankhulo cha deralo. Bokosi la madandaulo lizitsekulidwa pamaso pa a komiti, osati ndi inu nokha, popeza dandaulo lina lingakhale lonena inuyo. Anthu ambiri kumudzi salemba, amakauza amfumu kapena a komiti, choncho muzikumana nawo mwezi ndi mwezi ndipo muziwauza chimene mwachitapo pa zimene ananena ulendo watha.

Wogwira ntchito akalakwa, monga kuchedwa kawirikawiri kapena kulankhula mwachipongwe kwa odwala, muitanireni muofesi. Musamudzudzule pamaso pa odwala kapena pa WhatsApp. Ngati ndi wamkulu kwa inu, ulemu wake mumupatse wonse: «Amayi, ndakuitanani kuti tithandizane. Sabata ino katatu sikelo yayamba mochedwa. Chikuvuta n'chiyani?» Tchulani tsiku ndi chimene chinachitika, osati khalidwe lake lonse. Nthawi zina mumva kuti mwana akudwala kapena nyumba ili kutali, ndipo kusintha rosta kuthetsa nkhaniyo. Lembani m'kope lanu kuti munakambirana. Zikabwerezeka, kalata. Zikapitirira, nkhani ipite kuboma ndi makalata ake onse. Ainchaji ambiri amapirira zaka ziwiri osalemba kalikonse, kenako n'kukapempha kuti munthu asamutsidwe, kuboma n'kupeza failo yake ili yoyera.

Pali zina zosayamba ndi kukambirana: kubwera kuntchito ataledzera, kuba mankhwala, kuitanitsa ndalama pa chithandizo chimene pa chipatala cha boma n'chaulere, kugwira wodwala mosayenera. Muchotseni pa odwala tsiku lomwelo, mulembe lipoti, mudziwitse a DHSS. Mbali inayo, gadiyani kapena wandale akaopseza kapena kumenya wogwira ntchito, imani naye poyera, nkhani ipite kwa amfumu ndi kupolisi. Anthu amene aona kuti inchaji wawo amawateteza amamvanso akawadzudzula.

Popempha anthu oonjezera

Pofika mwezi wachitatu mukhala ndi zokwanira kulemba tsamba limodzi lopita kwa a DHSS. Musalembe kuti tili ndi vuto la kuchepa kwa ogwira ntchito, poti chipatala chilichonse m'bomalo chalemba zomwezo. Lembani kuti amayi ochira pamwezi ndi angati, azamba amene alipodi ndi angati, ndi mausiku angati mwezi watha amene mzamba anagona yekha, maola a locum anakwana angati, odwala otumizidwa kuchipatala chachikulu anadikira ambulansi nthawi yaitali bwanji. Manambalawo agwirizane ndi amene munatumiza mu DHIS2, kompyuta yosungira ziwerengero za zaumoyo, chifukwa akayang'ana kumeneko. Tchulani munthu wa mtundu umene mukufuna, ndipo ngati pali nyumba ya ogwira ntchito yopanda munthu, kapena a komiti ndi mafumu alonjeza kuumba njerwa, nenani pamzere woyamba. Kusowa kwa nyumba n'kumene kumabweza anthu ambiri otumizidwa kumidzi. Kalatayo mupereke kope kwa mkulu wa anamwino wa boma ndi kwa wapampando wa komiti ya chipatala, ndipo muitumizenso ndi manambala atsopano pakatha miyezi itatu iliyonse.